Pikapu Ikagwada Kutsogolo: Kukonza Mosawononga Ndalama

Nkhani ya lero ikhudza galimoto imene imasenza chuma cha kumudzi, ndiyo pikapu. M'dera la Kapondo, m'boma la Mchinji, mwezi wa Epulo ukangolowa pikapu sipumanso. Imatuta chimanga, soya ndi mtedza, imanyamula mabelo a fodya wopita ku misika ya Kanengo ndi Chinkhoma, imachita matola pa tsiku la msika, ndipo usiku ndi yomweyonso imene imathamanga ndi wodwala kupita ku chipatala chachikulu ku Mchinji. Ambiri a mapikapu amenewa ndi akale. Eni ake anawagula atayenda kale zaka zambiri m'manja mwa anthu ena, ndipo kufika kwawo kuno anapeza misewu ya fumbi, ya mabampu ndi maenje.

Matenda amodzi ooneka kawirikawiri pa magalimoto otere ndi kugwada kutsogolo. Mphuno ya galimoto imatsika, nthawi zina mbali imodzi kuposa inzake, monga ng'ombe imene yatopa ndi goli. Mwini galimoto akaona zimenezi mtima umamuthamangira ku sitolo ya zipangizo, koma mitengo ya kumeneko ndi yoopsa, makamaka chichepetsere mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Uphungu wa lero ndi wakuti ndalama zambiri zimapulumuka pamene munthu ayamba wapeza chenicheni chimene chatopa asanagule kanthu, ndi kuti pali njira zotsika mtengo zoyenera, palinso zina zotsika mtengo zimene mapeto ake ndi maliro.

Kuopsa kwa kugwada

Ena amayesa kuti kugwada ndi nkhani ya maonekedwe chabe. Sizili choncho ayi. Kutsogolo kukatsika, mpata wa pakati pa galimoto ndi nthaka umachepa, kotero kuti sampu, mphika wa oyilo umene uli kunsi kwa injini, imayamba kugunda miyala ndi mitumbira ya pakati pa msewu. Sampu ikabooka oyilo amatayika, ndipo injini ingathe kuferatu woyendetsa asanazindikire. Chachiwiri, magudumu amasiya kuima mowongoka, motero matayala amadyeka mbali imodzi, kawirikawiri m'mphepete mwa mkati, pakati pake pali pabwinobwino. Chachitatu, nyali zimaloza pafupi, ndipo woyendetsa usiku amachedwa kuona njinga kapena ngolo imene ili patsogolo pake. Chachinayi, galimoto ikalowa m'dzenje chitsulo chimamenya chitsulo chinzake, ndipo kumenya kumeneko kumathyola pang'onopang'ono ziwalo zogwira gudumu.

Chimene chimasenza galimoto

Kulemera kwa galimoto kumakhala pa masipuling'i. Sipuling'i ndi chitsulo chosulidwa mwa njira yakuti chikapindika chizibwerera mwakale. Koma chitsulo chikapindika kambirimbiri kwa zaka zambiri, makamaka posenza katundu wopyola muyeso, chimayamba kubwerera moperewera, ndipo dzimbiri limafulumiza kufooka kwake. Apa ndi pamene kugwada kumayambira.

Mashoko ali ndi ntchito ina. Iwo amaletsa galimoto kudumphadumpha itadutsa pa bampu, koma sasenza kulemera kwake. Ichi ndi chinthu choyamba chimene womvera ayenera kusunga pamtima, pakuti anthu ambiri amataya ndalama pogula mashoko atsopano, galimoto nikhalabe chigwadire. Shoko yotha imadziwika ndi oyilo wochucha pa thupi lake, kapena ndi galimoto imene imapitiriza kugwedera munthu ataikanikiza pa ngodya n'kuisiya. Yotero ifunika kusinthidwa pa nthawi yake, koma si mankhwala a kugwada.

Kutsogolo kwa mapikapu kumapezeka masipuling'i a mitundu itatu. Mtundu woyamba ndi wa zitsulo zaphanthiphanthi zosanjikizana, zonga za kumbuyo. Umenewu uli pa Toyota Hilux zakale zokoka ndi magudumu onse anayi, zimene zinayamba kupangidwa mu 1979. Mtundu wachiwiri ndi ndodo yachitsulo yaitali yogona m'mbali mwa chasisi, imene amakaniko amaitcha toshoni baa. Hilux yokoka ndi magudumu a kumbuyo inalandira mtundu umenewu mu 1978, ndipo upezekanso pa Nissan Hardbody, pa Isuzu KB zambiri zakale ndi pa Ford Ranger zopangidwa chisanafike chaka cha 2011. Mtundu wachitatu ndi sipuling'i yozungulira ngati nkhata zosanjikizana. Ili pa Hilux za kuyambira 2005, ndiponso pa Nissan 1400 yaing'ono ija, imene inapangidwa ku South Africa mpaka chaka cha 2008. Mwini galimoto ayenera kusuzumira kunsi ndi kudziwa mtundu umene ali nawo, chifukwa kakonzedwe kake n'kosiyana.

Kuyeza kusanayambe kugula

Ntchito yoyamba silira ndalama. Ifuna tepi yoyezera, pensulo ndi pepala basi. Galimoto iime pa malo osalala, makamaka pa simenti, ilibe katundu, ndipo matayala onse akhale a msinkhu umodzi ndi a mpweya wofanana. Kenaka ayeze kuchokera pakati penipeni pa gudumu kufika pa mlomo wa madigadi, kumanzere ndi kumanja, kutsogolo ndi kumbuyo, ndi kulemba manambala onse anayi. Kuyeza kuyambira pakati pa gudumu n'kwabwino koposa kuyambira pansi, pakuti tayala lodyeka kapena lophwa silingasokoneze muyesowo.

Manambalawa amaulula zambiri. Ngati mbali ziwiri za kutsogolo zatsika mofanana, ndiye kuti masipuling'i atopa ndi ukalamba, kapena pali cholemera chimene chinawonjezedwa, monga chitsulo chachikulu chotchinga kumaso chowotcherera m'magalaja a m'mbali mwa msewu. Kuchotsa chitsulo chotero nthawi zina kumabweza galimoto pang'ono popanda kulipira tambala. Ngati mbali imodzi yatsika kuposa inzake ndi masentimita awiri kapena kuposerapo, pafunika kufufuza chothyoka. Palinso chinyengo chimodzi choyenera kuchenjera nacho: sipuling'i ya kumbuyo ikathyoka mbali imodzi, galimoto yonse imapendekeka, ndipo kutsogolo kumaoneka kokhota chonsecho vuto lili kumbuyo. Ndicho chifukwa chake ngodya zonse zinayi ziyenera kuyezedwa.

Atatha kuyeza, mwini galimoto ayang'ane kalabala kakang'ono kolimba komangidwa pa chasisi kapena pa mkono wachitsulo wogwira gudumu. Ntchito yake ndi kutchinga kuti mkonowo usamenye chasisi. Galimoto ikakhala yopanda katundu payenera kukhala mpata wooneka bwino pakati pa kalabalako ndi chitsulo choyang'anana nako. Ngati zagundana kale, kapena kalabalako kanaphwanyika, ndiye kuti sipuling'i yasiya ntchito yake.

Chotsatira ndi kukweza kutsogolo ndi jeke ndi kuchirikiza chasisi ndi zitsulo zochirikizira kapena zipika za mtengo wolimba. Njerwa siziyenera konse, chifukwa zimaphwanyika mosachenjeza, ndipo munthu asalowe kunsi kwa galimoto yokhala pa jeke pokha. Magudumu a kumbuyo atsekerezedwe. Pamenepo munthu mmodzi agwire tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza, kenaka kumanzere ndi kumanja, mnzake akuyang'ana kunsi. Chimene afuna kuona ndi kugwedera kwa mabolojointi, amene ali ngati mfundo za bondo zolumikiza gudumu ku mikono yake, kugwedera kwa matayirodi a chiwongolero, ndi mabushi, ndiwo malabala okhala pamene mikono imamangidwa ku chasisi. Mabushi akang'ambika mkono umasuntha malo ake, ndipo galimoto imatsika ndi kulira gogogo m'mabampu. Mwa zipangizo zonse za kutsogolo, mabushi ndi amodzi a zotsika mtengo.

Galimoto ya toshoni baa

Eni mapikapu a mtundu umenewu ali ndi mwayi, pakuti opanga anasiya njira yokwezera galimoto popanda kugula kanthu. Toshoni baa imagwira ntchito popotoka, monga nsalu yonyowa imene munthu akufinya. Nsonga yake ya kutsogolo ili ndi mano olowa mu mkono wa gudumu, ndipo ya kumbuyo ili ndi mano olowa mu kamkono kakafupi kogwidwa ndi bawuti lalitali pansi pa kabini. Bawuti limeneli likamangidwa, kutsogolo kwa galimoto kumakwera; likamasulidwa, kumatsika.

Kachitidwe kake ndi kotere. Dzulo lake, mazinga a mabawuti onse awiri atsukidwe ndi burashi ya waya ndi kunyowetsedwa ndi dizilo kapena palafini, chifukwa bawuti la dzimbiri lingathe kuduka likamangidwa mokakamiza. Pa tsiku la ntchito galimoto ikwezedwe mpaka magudumu a kutsogolo atalendewera, kuti kulemera kuchoke pa mabawutiwo. Makaniko ayeze kutalika kwa mazinga otulukira pa nati ndi kulemba, kuti pakalakwika adziwe pobwerera. Amasule nati yokhomera, kenaka amange bawuti lililonse maulendo awiri kapena atatu, akuwerenga. Galimoto itsitsidwe, iyende kamtunda pang'ono kuti ziwalo zikhazikike, kenaka iyezedwenso pa malo omwe aja. Abwereze chomwecho kufikira msinkhu utakwana ndi mbali zonse zitalingana, ndipo pomaliza akhomenso manati aja. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Msinkhu woyenera ndi umene galimoto inali nawo potuluka ku fakitale, umene umalembedwa m'buku la amakaniko la mtundu wa galimotoyo. Posowa bukulo, kuyeza galimoto ina ya mtundu womwewo imene ikadali yolimba kumathandiza. Chiyeso chimene chimagwera ambiri ndi kumanga mabawuti mpaka pamapeto kuti galimoto ioneke yaitali. Kutero sikuwonjezera mphamvu ya chitsulo mpang'ono pomwe. Kumangochotsa mpata woti gudumu litsikire polowa m'dzenje, motero galimoto imagogoda, mabolojointi amatha msanga, ndipo pa galimoto yokoka ndi magudumu anayi malabala ophimba mfundo za mashafiti a kutsogolo amang'ambika.

Ngati mazinga atha galimoto isanafike pa msinkhu wake, makaniko wozolowera angathe kumasula zonse, kusolola kamkono kaja ndi kukalowetsanso atakasuntha ndi dzino limodzi. Koma ngati patangopita masabata ochepa galimoto yagwadanso, chitsulocho chatheratu ndipo chifunika kusinthidwa. Pogula, womvera akumbukire kuti ndodo ziwirizi sizisinthana malo. Pa nsonga pake pamalembedwa L ya kumanzere ndi R ya kumanja, pakuti iliyonse inazolowetsedwa kupotokera mbali imodzi, ndipo yoikidwa kolakwika ingathe kuthyoka.

Masipuling'i ozungulira ndi osanjikizana

Sipuling'i yozungulira ilibe bawuti lokwezera. Ikatopa kapena ikathyoka, kawirikawiri pa nkhata ya pansi pamene pamakhala matope, mankhwala ake ndi kuisintha, ndipo zisinthidwe zonse ziwiri pamodzi. Yatsopano kumanzere ndi yakale kumanja zimapendeketsa galimoto, ndipo pomanga mabuleki imakokera mbali imodzi. Kuchotsa sipuling'i yotere kufuna chida chake chopanira. Sipuling'i yopanidwa imasunga mphamvu yokwanira kuswa mutu wa munthu, kotero kuimanga ndi waya kapena chingwe ndi kusewera ndi imfa. Ngati galaja ya pafupi ilibe chidacho, kuli bwino kupita nayo ntchitoyo ku Kamwendo, ku Mchinji kapena ku Lilongwe.

Pa masipuling'i osanjikizana, choyamba ayang'ane mabushi a m'nsonga, bawuti la pakati logwira zitsulo zonse, ndi mabawuti opindika omanga sipuling'i ku ekisulo. Chitsulo chimodzi chothyoka chingathe kusinthidwa pachokha. Zitsulo zimene zangowongoka amisiri a masipuling'i amazipindanso pa makina, chimodzichimodzi, poyerekeza mbali zonse ziwiri. Njira imeneyi ndi yotsika mtengo koposa kugula zatsopano, ngakhale kuti chitsulo chopindidwanso sichikhalitsa ngati chatsopano.

Zotsika mtengo zakupha

Pali zinthu zinayi zimene makaniko wabwino amakana ngakhale mwini galimoto atamuchonderera. Choyamba ndi kutenthetsa sipuling'i ndi moto wa gasi kuti italike kapena ipindike. Moto umachotsa kulimba kumene chitsulocho chinalandira posulidwa, ndipo pamalo potenthedwa pamafewa kapena pamathyoka. Chachiwiri ndi kuwotcherera sipuling'i kapena toshoni baa yothyoka. Pa chifukwa chomwecho, imathyokanso m'mbali mwa powotchererapo, ndipo imatero galimoto ili pa liwiro ndi katundu. Chachitatu ndi kupanikiza zidutswa za matabwa kapena za matayala pakati pa nkhata za sipuling'i. Zimenezi zimaletsa nkhata zina kugwira ntchito, ndipo zotsalazo zimasenza mtolo wonse mpaka kuduka. Chachinayi ndi kukhoma bolojointi yakutha ndi hamala kapena kuikulunga ndi lekeni kuti ileke kulira. Bolojointi ikazuka gudumu limapindikira kunsi kwa galimoto, chiwongolero chimasiya kumvera, ndipo pikapu ya matola imataya anthu ake mu msewu. Pa zonse zimene munthu wosowa ndalama angazengereze kugula, bolojointi ndi tayirodi sizili m'gulumo.

Kugula zogwirapo kale ntchito

Zipangizo zochotsedwa ku magalimoto ophwasulidwa zimapezeka m'tauni yakale ya Lilongwe, ndiponso kutsidya kwa malire ku Chipata. Zitsulo zonga masipuling'i, matoshoni baa ndi mikono zingathe kugulidwa zakale ngati wogula ali wochenjera. Apite ndi chitsulo chake chakale kuti ayerekeze kutalika, kunenepa ndi kuchuluka kwa mano. Apukute bwino ndi kuyang'ana ming'alu ndi timaenje ta dzimbiri, pakuti kuthyoka kumayambira pa malo otero. Masipuling'i ozungulira awaimike pamodzi pa malo osalala, aone ngati ali ofanana msinkhu, ndipo onse awiri achokere ku galimoto imodzi. Afunsenso ngati galimotoyo inali ya dizilo kapena ya petulo, chifukwa injini ya dizilo ndi yolemera ndipo nthawi zambiri masipuling'i ake ndi olimbirapo. Safunsa anadya phula. Koma malabala, mabolojointi ndi mashoko ndi bwino kugula zatsopano, popeza kutha kwake kumabisika mkati.

Pomanga mabushi atsopano pali lamulo laling'ono limene limapulumutsa ndalama. Mabawuti ake asamangidwe kotheratu galimoto ili m'mwamba. Amangidwe komaliza galimoto itatsitsidwa ndi kuima pa magudumu ake. Akamangidwa magudumu akulendewera, labala imakhala yopotoka nthawi zonse ndipo imang'ambika m'miyezi yochepa.

Kuwongola magudumu

Msinkhu wa galimoto ukasintha, kaimidwe ka magudumu kamasinthanso. Motero ntchito yonseyi imamalizidwa ndi alayimenti, ndiko kuwongola magudumu a kutsogolo kuti aziloza kumodzi. Kumudzi makaniko angathe kuyeza ndi tepi mtunda wa pakati pa matayala awiri, kumaso kwake ndi kumbuyo kwake, pa msinkhu umodzi. Miyeso iwiriyi iyenera kusiyana ndi mamilimita ochepa chabe, ndipo pa mapikapu ambiri wa kumaso ndiwo umacheperako. Kuyeza kotere kumathandiza kuti galimoto ifike bwino kumene kuli makina a alayimenti, koma sikulowa m'malo mwake. Mtengo wa alayimenti ndi wochepa poyerekeza ndi wa matayala awiri atsopano. Mwini galimoto akumbukirenso kuti pokatenga chiphaso cha COF, chimene nthambi ya boma yoona za pamsewu imafuna, matayala, chiwongolero ndi nyali zili pakati pa zimene zimayesedwa.

Muyeso wa katundu

Chitsulo chatsopano nacho chidzatopa msanga ngati kasenzedwe sikasintha. Pikapu yotchedwa ya tani imodzi inapangidwira makilogalamu pafupifupi 1,000, ndiwo matumba 20 a makilogalamu 50, ndipo m'chiwerengero chimenechi muli woyendetsa, omuthandiza ndi chilichonse chowonjezedwa pa galimoto. Anthu atatu akakwera, matumba oyenera amatsala ngati 16. Kulemera konse kololedwa kumalembedwa pa kachitsulo kokhomedwa m'chipinda cha injini kapena pa mphuthu ya chitseko. Matumba olemera aikidwe pakati pa bodi, pamwamba pa ekisulo ya kumbuyo ndi chakutsogolo kwake pang'ono, asaunjikidwe pa denga la kabini kapena ku chitseko cha kumbuyo. Liwiro nalo ndi mdani: bampu yomenyedwa mothamanga imapinda sipuling'i koposa katundu yemwe.

Mwachidule, omvera, ndondomeko ya munthu wa ndalama zochepa ndi iyi. Ayambe ndi zaulere, ndizo kuyeza ngodya zinayi, kulinganiza mpweya wa m'matayala ndi kuchotsa zolemera zosafunika. Atsate ndi zoteteza moyo, mabolojointi ndi matayirodi. Kenaka abwere ku mabushi ndi timalabala totchinga, ndipo pambuyo pake akweze toshoni baa kapena asinthe masipuling'i awiriawiri. Alayimenti itsatire pomwepo, ndipo mashoko agulidwe pokhapokha ngati aonetsa kuti atha. Nthawi yabwino yoyeza ndi mwezi wa Febuluwale kapena Malichi, kukolola kusanayambe, kuti galimoto isaime pa nyengo imene imapezera ndalama. Pepala la miyeso lisungidwe pamodzi ndi makalata a galimoto, ndipo chaka chamawa tepi yomweyo idzanena ngati chitsulo chikadali ndi mphamvu.